Khomo la Padenga

Malmo, 11 Febuluwale 1996

Wijdan mlongo wanga,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa iwe ndi pa Amayi. Uwapsompsone dzanja m'malo mwanga. Muli bwanji kumeneko? Miyendo ya Amayi ikutupabe? Mankhwala awo a mtima ndawatumiza ku Amman kwa Abu Sarmad, dalaivala uja, abwera nawo pamodzi ndi kalatayi akamalowera ku Baghdad.

Ine ndili moyo. Masana ndimatsuka mbale m'lesitilanti ya Mturuki wina, madzulo ndimalemba. Dzuwa la kuno kwa Aswidishi ndi lamanyazi, limangosuzumira pang'ono n'kubwerera.

Ndayamba buku la Baghdad. Anzanga onse othawa kwawo akuchita zomwezo: wa ku Beirut akulemba Beirut, wa ku Khartoum akulemba Khartoum, aliyense wabereka mzinda wake kumsana ngati kamba. Koma ine dzulo nditati ndilembe kanjira kathu, ndinaiwala ngati ng'anjo ya buledi ili kumanja kapena kumanzere munthu akamachokera ku mzikiti. Ndinachita mantha, Wijdan. Mzinda ukuthawa m'mutu mwanga, ndipo ukatha ndilibe china cholemba.

Ndiye kwera padenga, uyang'ane mbali zonse, undilembere chilichonse chimene ukuona. Usasankhe zokongola zokha. Pakamwa unali napo kuposa ine kuyambira kale, kungoti Bambo anasankha ine wopita ku yunivesite.

Mlongo wako,
Thamir


Baghdad, 20 Epulo 1996

Achimwene,

Nanunso mtendere. Tilipo, Mulungu akutisunga. Mankhwala afika. Amayi akuthokoza, koma akufunsa kuti mbale za Mturukiyo zasiyana pati ndi za kuno zimene munkazithawa zija. Mukapeza mpata mutitumizireko masingano a makina osokera. A kuno akuthyoka ngati udzu, chonsecho makinawo ndi amene akutidyetsa, poti ufa wa boma umatha mwezi uli pakati.

Ng'anjo ili kumanzere, a mlembi inu. Manyazi bwanji!

Ndakwera padenga monga munanenera. Mabedi tatulutsa kale, kutentha kwafulumira chaka chino, moti kanjira konse kayamba kugona pamwamba. Mtengo wathu wa masau wafika padenga penipeni, ndimathyola nditaimirira pafupi ndi chingwe cha zovala. Kum'mawa kuli nsanja ya mzikiti, matailosi ake obiriwira akugwa limodzilimodzi. Mtsinje suoneka, koma mphepo ikachokera kumeneko umamveka fungo, ndipo si fungo limene mukulikumbukira.

Khoma lotilekanitsa ndi denga la anansi linagumuka pakona nthawi ya mabomba ija. Simenti tiipeza kuti? Ndinangotchingapo ndi chitseko chakale cha kabati. Kuseri kwake ndi ufumu wa Jabbar wa nkhunda. Mukumukumbukira? Akadali yemweyo, wosakwatira, wosapemphera, ndevu ngati tsache, kutandala akugwedeza nsungwi yomangirira chiguduli n'kumaimbira mbalame zake likhweru. Amayi akuti woweta nkhunda padenga umboni wake sulandiridwa ngakhale kwa woweruza, chifukwa maso ake amakhala pa madenga a eni. Ine ndikamayanika zovala ndimamupatsa msana. Koma chilungamo chinenedwe, nkhunda zakezo zikayamba kuzungulira nsanja ndimaiwala kuti ndagwira chovala chonyowa.

Imvi zanga za pamphumi zija zachuluka, tsopano ndi mzere woyera ngati wolemba ndi choko. Zaka makumi atatu ndi zitatu, Achimwene! Mulembenso zimenezo m'buku mwanumo.

Wanu,
Wijdan


Malmo, 3 Januwale 1997

Wijdan,

Mtendere kwa nonse. Amayi adzuka bwanji? Masingano achiwiri aja anafika?

Buku latuluka! Alisindikiza ku Beirut, dzina lake Mkazi wa Padenga. Ndaligwira m'manja, ndalinunkhiza, ndalira ngati mwana pamaso pa Mturuki ndi mbale zake. Makalata ako onse a chaka chathachi ali momwemo: masau, nsanja yothothoka, chitseko cha kabati, fungo la mtsinje. Popanda iwe likanakhala buku la munthu wakhungu.

M'bukumo muli mkazi, ndamutcha Salwa. Ali ndi mzere wa imvi pamphumi. Amuna oyenera onse anapita kunkhondo kapena anathawa, ndiye watsala ndi woweta nkhunda, ndipo amasuntha chitseko cha kabati n'kudutsa pa khoma logumuka kupita kwa iye. Usaseke. Mkaziyo ndi Baghdad. Alembi akale mzinda ankauyesa bwalo longochitirapo nkhani, koma kwa ife a lero mzinda ndiye mwini nkhani, uli ndi thupi, umakalamba, umagona ndi amene watsala. Maina a anthu ndasintha onse. La Kanjira ka Masau lokha ndalisiya, ndinaona ngati ndikalisintha ndakasamutsa.

Kukutumizira sindingathe, a pamalire amafwanthula katundu akaona buku. Udzaliwerenga tsiku lina ndili pomwepo, ukundinyoza pa tsamba lililonse.

Thamir


Baghdad, 16 Febuluwale 1997

Achimwene,

Mtendere, ndipo Idi yabwino ngakhale yadutsa. Mwakhala chete bwanji? Yanu yomaliza ndi ya Okutobala. Akuti galimoto ya Abu Sarmad inafera ku Amman, mwina kalata yanu ikugona momwemo.

Khalani pansi kaye. Tsiku lachitatu la Idi kunabwera amayi atatu ovala bwino kudzandifunsira ukwati. Wamkulu ndi Umm Hikmat wa kuseri kwa msika. Mwana wawo Hikmat ndi mphunzitsi wa jogalafe ku sekondale ya anyamata, mkazi wake anamwalira zaka zapitazo, anamusiyira kamtsikana. Poyamba Hikmatyo anabweretsa kamtsikanako kwa ine kuti ndikasokere diresi, kenako anabweranso kuti diresiyo yatalika, kenako kuti yafupika. Ine wopusa ndinkangokonza!

Amayiwo anandiyang'ana manja, anandiyang'ana mayendedwe, anamwa tiyi wanga mpaka kumaliza. Tsopano ali pa ntchito yofunsa, monga mwa mwambo. Akuyenda khomo ndi khomo m'kanjira muno, kwa mkazi wa wophika buledi, kwa azamba, kufunsa kuti mwana wa malemu Abu Thamir, monga amawatchulira Bambo kuno, ndi wotani. Afunse mpaka atope. Palibe angandinenere kanthu, moyo wanga wonse wathera pakati pa makina ndi mankhwala a Amayi.

Achimwene, ndine wosangalala. Ndikulemba poyera chifukwa ndinali nditasiya kuyembekezera. Ndi munthu wofatsa, wadazi, amalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ndikufuna nyumba yanga, khomo loti ndizitsegula ndekha. Kamtsikanako kayamba kale kundigwira chala.

Poti Bambo kulibe, chilolezo ndi chanu. Lembani msanga kwa Amalume Abdul-Sattar kuti adzaimirire m'malo mwanu. Mukapezanso kansalu koyera ka mtengo wochepa musandiiwale.

Wijdan


Baghdad, 25 Meyi 1997

Achimwene,

Mtendere. Amayi sakudya bwino. Sindikudziwa ngati yanga ya Febuluwale inafika, koma yanu ya Januwale ndinailandira mwezi watha. Buku lanu linaiposa liwiro.

Wina analowa nalo m'dziko atalibisa, anthu a mafotokope analichulukitsa, ndipo limodzi linafika pa malo omwera tiyi a pafupi ndi ometa. Amuna amasonkhana, mmodzi kumawerenga mokweza. Atamva dzina la kanjira anaomba m'manja. Atamva za masau anati ndi nyumba ya Abu Thamir. Atafika pa imvi za pamphumi ndi chitseko cha kabati, akuti aliyense anathamangira kwa mkazi wake.

Jabbar anamufunsa pamaso pa anthu kuti, "Iwe, zimenezi n'zoona?" Iye anangopotokola ndevu n'kunena kuti, "Ine kuwerenga sindidziwa." Galu ameneyo moyo wake wonse palibe anamuyesapo mwamuna, lero akanirenji?

Umm Hikmat anabwera sabata yatha. Ndinawapatsa tiyi, sanamukhudze. Anati, "Mwana wanga, akananena mlendo tikanati ndi kaduka. Koma mlongo wako wa bere limodzi? Wakulemba mpaka tsitsi." Ndinati mkaziyo ndi Baghdad, monga munalembera. Anati, "Baghdad ndabadwiramo, sindinamuonepo akuyanika zovala." Tiyi uja ndinakamutaya wozizira.

Hikmat watumiza mawu kudzera kwa mchemwali wake. Akuti iye sakukhulupirira, koma sangalowetse m'nyumba mkazi amene mayi ake akumukana, ndiponso ali ndi mwana wamkazi woti adzakwatiwe m'dera lomwe lino. Akupempha chinthu chimodzi. Inu mulembe ndi dzanja lanu, mulumbire m'dzina la Mulungu kuti za mkazi ndi woweta nkhunda munangopeka, ndipo mlongo wanu sanadutsepo khoma lija. Amalume adzawerenga pamaso pa amuna a mabanja awiri, nkhani idzathera pomwepo. Lumbiro la mwini mawu palibe amalitsutsa.

Lifike sukulu zisanatsegulidwe. Umm Hikmat akuti mdzukulu wawo sangayambenso chaka china popanda womupesa tsitsi, ndipo ali ndi mwana wamkazi wa mchimwene wawo amene akungodikira.

Mizere iwiri yokha, Achimwene. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndikukupemphani.

Wijdan


Malmo, 14 Julayi 1997

Wijdan wanga,

Mtendere. Makalata ako awiri afika tsiku limodzi, moti ndasangalala ndi kukwiya pa ola lomwelo. Mabuluku a ukwati a Amalume asokedwe, chilolezo ndapereka ndi manja awiri! Nsalu ikubwera.

Za bukuzo, mtima pansi. Kanjira kathu ndimakadziwa, lero akutafuna iwe, mawa adzatafuna wina. Ndikuuze zoona, nditamva kuti akuliwerenga mokweza pa malo a tiyi, ndinanyadira. Buku langa lafika kwathu, kumene ine mwini sindingafike!

Lumbirolo ndalilingalira masiku angapo. Ukudziwa chimene ukundipempha? Kuti ndiimirire pamaso pa ometa ndi ophika buledi ngati mwana wogwidwa akuba, ndinene kuti buku langa ndi bodza. Ndikatero ndiye kuti ndavomera kuti funso lawolo ndi loyenera kufunsidwa, ndipo kumeneko ndi kukunyoza iweyo. Ulemu wako sufuna lumbiro la munthu.

Ndachita choposa. Ndamulembera Hikmat kalata yaitali, munthu wophunzira kwa wophunzira mnzake. Wa jogalafe adzamvetsa kuti mzinda wa pa mapu ndi wina, wa m'buku ndi wina. Ndaikamonso nkhani yodula m'nyuzipepala ya ku Beirut, mmene katswiri wina wafotokoza bwino lomwe kuti Salwa ndi Baghdad wozingidwa, ndipo khoma logumukalo ndi malire a dziko. Amalume awerenge zimenezo. Udzaona, adzachita manyazi okha.

Undiuze tsiku laukwati. Ndidzavina ndekha kuno m'khitchini.

Thamir


Baghdad, 19 Okutobala 1997

Thamir,

Akulankhula ndi Amayi, ine Wijdan ndikungolemba. Andiuza kuti ndisasinthe liwu ngakhale limodzi.

Akuti: Mwana wanga, moni ndikukupatsa chifukwa ndi wa Mulungu. Ndinakubereka m'chipinda cha pansi pa masau omwe wawagulitsawo. Unkadwala chifuwa, mlongo wakoyu ndi amene ankakusiyira dzira lake. Bambo ako atasankha iwe wa sukulu, iyeyu sanalire pamaso pa munthu. Unapita, anatsala akundisambitsa. Anakupempha mizere iwiri. Ukuti mkaziyo ndi mzinda. Mzinda uli ndi amuna ambiri oulondera ndi mfuti, mlongo wako anali ndi iwe wekha. Mankhwala usatumizenso, ndidzafa ndi a kuno.

Atha pamenepo, alowa kuchipinda. Tsopano ndine.

Kalata yanu ya kwa Hikmat inafika nthawi yabwino, Abu Sarmad tisamunamizire. Amuna anasonkhana kwa Amalume pambuyo pa pemphero la Lachisanu. Amalume anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga za Cairo, za Beirut, za mizinda imene ili ngati akazi amasiye. Akuti anawerenga mpaka thukuta, anthu akungoyang'ana pansi. Anawerenganso za katswiri wanu uja. Atamaliza, mkulu wa kwa Hikmat anafunsa kuti, "Tamva, mwanayo sukulu anapitadi. Nanga walumbira?" Amalume anatembenuza mapepala, kuyang'ana kutsogolo, kuyang'ana kumbuyo. Anati, "Sanalumbire." Mkuluyo anati, "Munthu wolemba masamba onsewa, mawu a Mulungu okha ndi amene amulemera? Ndiye kuti akudziwa kanthu." Anavala nsapato zawo.

Hikmat akuti anapempha nkhani ya m'nyuzipepalayo, anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba. Mwina anaimvetsadi, monga munanenera. Anakwatira msuweni wake sabata yotsegulira sukulu. Ng'oma zinadutsa pakhomo pathu, njira ina kulibe.

Nsalu inafika. Ndi yabwino kwambiri.

Makasitomala atatu asiya kubwera. Amene akubwerabe amabwera okha, ana awo aakazi amawasiya kunyumba.

Wijdan


Malmo, 7 Disembala 1997

Amayi, Wijdan,

Mtendere, ngati mungaulandire kuchokera kwa ine.

Ine Thamir mwana wa Abdul-Karim ndikulumbira m'dzina la Mulungu Wamkulu kuti za mkazi ndi woweta nkhunda ndinapeka ndekha m'chipinda muno, ndipo mlongo wanga Wijdan sanadutsepo khoma lija. Amalume akawerenge pa malo a tiyi, pa mzikiti, paliponse. Akakhome pa khomo la ometa.

Zinanditengera nthawi yochepa kuposa kutsuka kapu. Ndakhala ndikuliyang'ana pepalali osamvetsa kuti chinandikanika n'chiyani.

Amayi, mankhwala ndatumizabe. Mukawataya ndi inu, koma ine sindisiya.

Wijdan, bukulo akufuna kulimasulira m'Chiswidishi. Sindinawayankhe. Ukanena kuti ndikane, ndikana. Chilandirireni kalata yako sindinalembe kanthu, ndikakhala pa tebulo ndimangoona Amalume akutembenuza mapepala. Usanditaye. Ngakhale mzere umodzi, ngakhale wotukwana. Ine Baghdad wina ndilibe, ndi makalata ako basi. Masau abereka chaka chino? Ukakwera padenga, nsanja ija ikadali ndi matailosi?

Mlongo wako,
Thamir


Baghdad, 30 Juni 1998

Achimwene,

Mtendere. Tilipo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalibe chonena, osati chifukwa cha galimoto. Mankhwala Amayi akumwa, ndinawauza kuti ndagula kuno. Masingano atsala awiri.

Lumbiro lanu linafika mu Febuluwale. Amalume anapita nalo pa malo a tiyi n'kuliwerenga ataimirira. Akuti anthu anagwedeza mitu, wina anati, "Mulungu amukhululukire," kenako anapitiriza masewera awo a madomino. Wometa anati munthu akalumbira mochedwa chonchi ndiye kuti akazi a kwawo amulirira. Madzi akatayika saoleka, Achimwene. Pepalalo ndalisunga m'bokosi limodzi ndi nsalu.

Mkazi wa Hikmat ndi woyembekezera. Kamtsikana kaja ndinakumana nako pa ng'anjo, kanayamba kundithamangira, agogo ake anakakoka mkono.

Za Chiswidishizo musakane. Mukana kuti chibwerere n'chiyani? Aliwerenge. Mwezi watha kunabwera anyamata awiri a ku yunivesite, atanyamula fotokope yothaitha, kufunsa ngati ino ndi nyumba ya m'buku. Anali aulemu kwambiri. Anati buku lanu ndi limene lawaonetsa mzinda wawo. Mmodzi anandiyang'ana pamphumi n'kugunda mnzake ndi chigongono. Tsopano ndimamanga mpango mpaka m'nsidze, ngakhale m'nyumba.

Mukufunsa za masau ndi nsanja. Lumbiro lanu lisanafike, Amayi anagulitsa mphete yawo yomaliza n'kuitana mmisiri. Ndinkayesa akufuna kukonza khoma logumuka lija. Anamuuza kuti atseke khomo la padenga ndi njerwa, kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuti aliyense wodutsa aone simenti pa masitepe n'kukauza anzake. Ndinathandiza kutunga madzi osakanizira.

Kutentha kwafika. Kanjira konse kakugona pamwamba, ife awiri tili pansi, magetsi akazima timanyowetsa nsalu n'kudzifunditsa. Zovala ndimayanika m'khitchini. Masau akugwera padenga, ndimawamva akugunda, palibe wotola. Likhweru la Jabbar limamveka masana, ndiye kuti nkhunda zikuulukabe.

Nsanjayo sindikudziwa. Ndatha theka la chaka osaona Baghdad kuchokera pamwamba. Mukafuna kudziwa mmene akuonekera, tsegulani buku lanu, denga lathu linatsala momwemo.

Wijdan